Jinja ndi magazi oundana m'mwendo: kodi bambo asiye mapiritsi?

Mayi wina wa ku Namwera walemba motere: "Adokotala, amuna anga anabwera kuchokera ku Joni pa basi mwezi wathawu. Atangotha masiku atatu pakhomo, mwendo wakumanzere unatupa kuyambira m'katumba mpaka m'bondo, ukuwawa ngati muli moto. Kuchipatala anawaunika n'kunena kuti magazi aundana mumtsempha. Anawabaya majakisoni a pamimba kwa masiku angapo, kenako anawapatsa mapiritsi a warfarin n'kuwauza kuti azipita kukayezetsa magazi pafupipafupi. Pano mwendo waphwa, akuyenda bwinobwino, koma thiransipoti yotsikira kuboma yatikwana. Pagulu lathu la amayi pa WhatsApp pakuyenda uthenga woti jinja amasungunula magazi kuposa mankhwala achizungu. Bambo akuti asiye mapiritsiwo, azingomwa jinja wothira mandimu m'mawa ndi madzulo. Kodi zingatheke? Nanga ineyo ndi apongozi anga, omwe ali ndi BP, tingamamwe kuti zoterezi zisatigwere?"

Zikomo mayi, ndipo mtima ukhale m'malo. Mwachita bwino kufunsa bambo asanasiye mankhwala, chifukwa ambiri amatipeza atasiya kale, mwendo utatupanso kachiwiri. Matenda amene anapezeka nawowa ndi ochizika, ndipo kuphwa kwa mwendoko kukusonyeza kuti thandizo likugwira. Jinja ndilibe naye mlandu, inenso tiyi wanga wa m'mawa salawa bwino popanda iyeyo. Koma kuti alowe m'malo mwa warfarin, ayi ndithu. Ndikufotokozerani chifukwa chake mofatsa kuti mukathe kuwamasulira bambo, paja mwamuna akamva kuti mwendo wachira sakhulupiriranso za pabuku la kuchipatala.

Tiyambire kukhitchini kwanu. Mukamapala chambo n'kudzicheka chala, magazi amatuluka kwa kanthawi kenako amasiya okha. Amene amawaletsa ndi antchito a mitundu iwiri. Oyamba ndi timaselo ting'onoting'ono ta m'magazi totchedwa mapulateleti. Timeneti timathamangira pabala n'kumatirirana, kutseka kabowoko mwachangu. Achiwiri amabwera pambuyo: chiwindi chimapanga zinthu zina zimene zimayenda m'magazi, ndipo zikamva kuti penapake pavulala zimaluka ulusi wotchedwa fibrin. Ulusiwo umakhala ngati chilimira, maselo ofiira a magazi n'kukodwamo ngati usipa. Chimenecho ndiye chibuluma cha magazi. Pabala n'chabwino, popanda icho tikanamafa ndi kabala ka mpeni. Chimaipa chikapangika m'kati mwa mtsempha momwe palibe bala.

Apa ndi pamene uthenga wa pa WhatsApp uja umasokonezera zinthu. Mitsempha yathu ili mitundu iwiri. Ina imachotsa magazi kumtima kupita nawo m'thupi, ndipo m'menemo magazi amathamanga ndi mphamvu. Chibuluma chikapangika m'menemo, nthawi zambiri oyambitsa ndi mapulateleti aja, ndipo mapeto ake ndi sitiroko kapena matenda a mtima adzidzidzi. N'chifukwa chake anthu otere timawapatsa kaasipirini kakang'ono ka 75 mg, poti asipirini amafooketsa mapulateleti. Mitsempha ina imabweza magazi kuchokera kumiyendo kukwera nawo kumtima. M'menemo magazi amayenda mwaulesi, ngati madzi a m'mbali mwa Shire m'mabango, ndipo chibuluma chake chimakhala cha ulusi ndi maselo ofiira. Cha bambo n'chimenechi. Mankhwala ake ndi oletsa kuluka ulusi, omwe ndi majakisoni a pamimba aja, otchedwa heparin, ndi warfarin. Ngakhale asipirini weniweniyo sitimudalira pochiza chibuluma cha m'mwendo.

Tsono jinja amagwira mbali iti? Muli zinthu zotchedwa gingerol ndi shogaol, zomwe zimachititsa kuti aziwawa pakhosi. Akatswiri akaziyesa mu labotale, zimachepetsadi kumatirirana kwa mapulateleti, mofananako ndi asipirini. Mphekesera yonse inachokera pamenepo, ndiye si bodza lenileni. Koma botolo la mu labotale si thupi la munthu. Mu 2015 ofufuza anasonkhanitsa makafukufuku asanu ndi atatu amene anayesa jinja pa anthu enieni. Anayi anapeza kuti mapulateleti afookako, anayi enawo sanapeze kusintha kulikonse. Mmodzi mwa makafukufukuwa, wa ku India mu 1997, anapatsa odwala mtima magalamu 4 a ufa wa jinja tsiku lililonse kwa miyezi itatu, osaona kanthu. Anaona kusintha pokhapo atawapatsa magalamu 10 nthawi imodzi. Magalamu 10 ndi masupuni a tiyi pafupifupi asanu a ufa. Yesani kumeza amenewo muone mmene chilungulira chikusowetsereni tulo.

Ndiponso onani chimene ankayeza: mmene mapulateleti akumatirirana m'magazi otengedwa pamkono. Sankawerenga kuti ndi anthu angati apulumuka ku chibuluma. Choncho ngakhale titamukomera mtima jinja n'kuvomera kuti amagwirako ntchito, akugwira kwa antchito oyamba aja, pomwe vuto la bambo lili kwa oluka ulusi. Kuli ngati denga likudontha kuchipinda, inu n'kukafolera kukhitchini.

Mawu akuti "kusungunula magazi" nawonso amatipusitsa. Warfarin sasungunula chibuluma, ndipo sasandutsa magazi kukhala madzimadzi. Ntchito yake ndi kuletsa chibulumacho kukula ndiponso kuletsa china kupangika, kwinaku thupi likuchiphwanya lokha pang'onopang'ono kwa masabata kapena miyezi. Mwendo umaphwa msanga chifukwa magazi amapeza njira zina zodutsira, koma m'katimo ntchito isanathe. N'chifukwa chake mankhwalawa samwedwa kochepera miyezi itatu, ndipo ena amapitirira pamenepo malinga ndi chimene chinayambitsa. Bambo ali mwezi woyamba, nthawi imene ngozi yobwereranso ili pamwamba kwambiri.

Ngozi yake ndi yotani? Munaonapo namasupuni akamatsika ndi Shire. Amadukako kumtunda, n'kuyandama mpaka akatsakamire pa baraji ku Liwonde. Chibuluma cha m'mwendo chimachita chimodzimodzi. Kachidutswa kakathothoka, kamakwera ndi magazi, kudutsa mumtima, n'kukatsakamira m'mitsempha ya m'mapapo. Munthu amene amaseka nanu pakhonde amayamba kubanika mwadzidzidzi, mtima kugunda mothamanga, pachifuwa kubaya akamapuma, mwina kutsokomola magazi kapena kukomoka. Kachidutswako kakakhala kakakulu, munthu amatha kutisiya galimoto isanapezeke n'komwe. Pamaliro anthu amangoti anamuponda kapena anam'tumizira ku Joni komweko, chonsecho chinali chibuluma.

Mwina mukuti, chabwino, asasiye mapiritsi, koma aziphatikiza ndi jinja wambiri kuti zithandizane. Pamenepanso pali dzenje. Warfarin ndi mankhwala ovuta kuwalinganiza. Akachepa m'thupi magazi amaundana, akachuluka munthu amataya magazi. Kuyezetsa kumene mukudandaula nako kuja, kumene timati INR, ndiye sikelo yake, ndipo kwa matenda a bambowa timafuna nambala ikhale pakati pa 2 ndi 3. Munthu woti magazi ake akuchedwa kale kuundana, mukamuwonjezera chinthu chofooketsa mapulateleti, mwamuchotsera alonda onse awiri. Madokotala m'maiko ena analembapo za odwala amene INR yawo inakwera, ena mpaka kutuluka kamfuno, atayamba kudya jinja wambiri ali pa mankhwala a mtundu umenewu.

Inenso ndinazionapo ndi maso. M'nyengo ya Covid, chakumayambiriro kwa 2021, mukukumbuka mmene jinja, adyo ndi mandimu zinasowera pamsika, aliyense akuwiritsa mpoto wake. Kunabwera agogo ena amene ankamwa warfarin chifukwa cha vuto la mtima. Anafika atatseka mphuno ndi kansalu kofiira kale, m'mikono muli mabala akuda ngati amenyedwa. Mdzukulu wawo anatulutsa m'jumbo botolo la malita awiri la chisakanizo chimene ankawamwetsa katatu patsiku: jinja wosinja wodzaza dzanja, adyo, mandimu, uchi. Titafunsitsa, anaululanso kuti ankawagulira Brufen kugolosale chifukwa cha mawondo. Sindinganene kuti wolakwa anali jinja yekha, Brufen uja ndiye ndimamukayikira kwambiri. Koma zonsezo zinkakokera mbali imodzi, ndipo mwanayo ankachita zimenezi chifukwa chowakonda agogo ake. Anachira, koma anagona nafe masiku angapo.

Ndiye mulingo wake ndi uwu. Kachidutswa ka jinja kofanana ndi nsonga ya chala chachikulu, kuponya m'tiyi kapena m'ndiwo, bambo angathe kudya, bola azichita mofanana masiku onse ndipo awauze amene amawayeza magazi. Zimene ndikukaniza ndi zowiritsa za mphamvu zomwera m'botolo, ufa wodyera m'masupuni, makapisozi a jinja, ndi mabotolo a zitsamba zosakaniza amene amagulitsidwa m'madepoti olembedwa kuti amatsuka magazi. M'menemo simudziwa muli chiyani, ngakhale wogulitsayo nthawi zina sadziwa.

Pali anthu ena amene adzakuuzeni kuti warfarin ndi mankhwala a makoswe. Musakangane nawo, akunena zoona. Nkhani yake inayamba m'zaka za m'ma 1920 ku America ndi ku Canada, pamene ng'ombe zinkafa ndi kutaya magazi zitadya udzu wina wowola. Asayansi anapeza chimene chinali mu udzumo, mu 1948 anapanga poizoni wa makoswe, ndipo mu 1954 anavomereza kuti pamlingo woyezedwa bwino angathe kuchiza anthu. Ndimakonda kuifotokoza nkhaniyi kwa amene amati chomera sichipweteka munthu. Ng'ombe zija zinafa ndi udzu.

Kunena zoona, pa odwala anga a warfarin jinja sindiye amandidetsa nkhawa kwambiri. Amene amandisowetsa mtendere ndi mankhwala a m'magolosale ndi otsala m'nyumba. Asipirini, Brufen, diclofenac ndi Indocid bambo asayandikire. Mutu kapena msana ukawawa amwe Panado, ndipo akaona kuti akumufuna masiku ambiri otsatizana akanene kuchipatala. Bactrim ndi Flagyl amakweza mphamvu ya warfarin koopsa. Mankhwala a TB, makamaka rifampicin, amachita zosiyana: amaifooketsa mpaka munthu kukhala ngati sakumwa kanthu. Ma ARV ena nawonso amasintha kagwiridwe kake. Sindikuti amene ali pa mankhwala amenewa asiye, koma kulikonse kumene bambo akalandire thandizo, ngakhale kokachotsa dzino, mawu oyamba akhale akuti "ndili pa warfarin," buku lili m'manja. Mowa wambiri ndi mdani winanso.

Za ndiwo zamasamba mudzamva zambiri. Bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru ndi repu zili ndi vitamini K, yemwe chiwindi chimagwiritsa ntchito popanga zoluka ulusi zija, ndipo warfarin amagwira ntchito polimbana ndi vitamini ameneyu. Ena akamva zimenezi amasiyiratu masamba, kumene kuli kulakwitsa. Muziphika monga mwa masiku onse. Chosafunika ndi kusinthasintha kwakukulu, sabata ino usipa wokhawokha, sabata yamawa mphika wa chisoso m'mawa ndi madzulo. Ngati pakhomo panu mumasala m'mwezi wa Ramadani, warfarin amamwedwa kamodzi patsiku, ndiye angathe kumwa madzulo pomasula, koma akawadziwitse a kuchipatala poti kadyedwe kamasintha. Akaiwala tsiku limodzi, mawa lake asamwe awiri.

Zizindikiro zoti magazi achedwetsa kuundana muzidziwe inuyo, chifukwa bambo angathe kubisa. Kamfuno wosasiya patatha mphindi khumi mwatsina mphuno, nkhama zotuluka magazi potsuka mano, mabala akuda pakhungu osadziwika chiyambi chake, chimbudzi chakuda bii ngati phula, kusanza magazi, mutu woopsa wobwera mwadzidzidzi makamaka atagwa kapena kugunda mutu. Ndiwonjezere chimodzi cha kwathu kuno kunyanja: mkodzo wamagazi. Tinazolowera kuti mwamuna akakodza magazi ndi likodzo basi, adzamwa mankhwala akapeza mpata. Munthu wa pa warfarin asaganize choncho. Apite tsiku lomwelo.

Tibwere ku thiransipoti, poti gwero la funso lanu ndi limeneli, osati jinja. Kutsika mapiri a ku Chowe ndi kukweranso, kawirikawiri, kwa munthu amene wangobwera kumene ndipo sakugwira ntchito, ndi ndalama yambiri. Sindikupeputsa. Koma dziwani kuti kuyezetsa kumakhala kowirikiza kumayambiriro kokha. Nambala ija ikakhazikika, masiku amatalikirana mpaka kufika kamodzi pamwezi kapena kupitirirapo. Pa ulendo wotsatira mupite nawo, mukanene poyera kuti ndalama yoyendera ikuvuta. Funsani kuti mankhwalawa amwa mpaka liti, kuti muziwerenga miyezi yodziwika. Funsani ngati tsiku loyezetsa lingaphatikizidwe ndi lotenga mankhwala. Funsaninso za mapiritsi atsopano monga rivaroxaban, amene safuna kuyezetsa INR. Ndi okwera mtengo ndipo sayenera aliyense, makamaka amene ali pa mankhwala a TB, ma ARV ena, kapena a vuto la impso, koma mabanja ena akawerengetsa ndalama ya minibasi amapeza kuti kusiyana kwake n'kochepa, makamaka ngati ali ndi abale ku Joni amene angathandize. Ameneyo akhale dokotala wosankha ndi kulemba, osati kungotumizirana pa basi.

Chimene chinawagwetsa bambo m'vutoli mwachitchula nokha. Dokotala wina wa ku Germany, Rudolf Virchow, ndi amene dzina lake timalitchula pophunzitsa zinthu zitatu zimene zimaundanitsa magazi mumtsempha: magazi kuima, mtsempha kuvulala, ndi magazi kukhala okonzeka kale kuundana. Ulendo wochokera ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete ndi wa masiku awiri, munthu atapinda mawondo, katundu ali pansi pa mapazi mpaka pamiyendo, madzi akuwaopa kumwa kuti angavutike pofuna kutaya madzi. Katumba ndiye pampu imene imakankha magazi kukwera kumtima, ndipo ikagona masiku awiri magazi amaima. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2007 kuti kukhala pansi paulendo kwa maola anayi kapena kuposerapo kumawirikiza kawiri mpata wa vutoli. Pa anthu ambiri mpatawo umakhalabe waung'ono, ndiye si onse otsika basi amene amatupa mwendo. Pachifukwa chimenechi, mwamuna akabwera ndi chibuluma sindikhutira ndi basi yokha. Ndimafufuzanso HIV, TB, ndiponso kwa achikulire kapena amene akuwonda, khansa, chifukwa matenda atatuwa amachititsa magazi kuundana msanga. Ngati bambo sanayezetse zimenezi, akayezetse, ndipo mupite limodzi.

Akadzafuna kubwerera ku Joni, ayambe akambirana ndi dokotala wawo. Pabasi apemphe mpando wa kunjira, pansi pa mapazi pakhale popanda katundu, azitsika n'kuyendayenda paliponse pamene basi yaima, ndipo ali pampando azipondaponda ngati akupalasa makina osokera. Madzi azimwa, mowa ayi. Fodya ngati amasuta, nthawi yosiya ndi ino. Zimenezi zimateteza kuposa thumba lathunthu la jinja.

Inuyo mayi, imwani tiyi wanu wa jinja mosangalala. Amathandiza nseru, ngakhale ya amayi oyembekezera pamlingo wochepa wa pafupifupi galamu imodzi patsiku, ndipo pa chimfine amatenthetsa pakhosi. Kungoti musamuyese chishango. Kwa mayi, nthawi zoopsa ndi pamene ali woyembekezera, masabata asanu ndi limodzi atangobereka makamaka ngati anachitidwa opaleshoni, ndi pamene wagona nthawi yaitali chifukwa cha matenda kapena mwendo uli m'chikhakha. Anamwino akamakudzutsani kuti muyende tsiku lotsatira opaleshoni si nkhanza, akuthawitsa chibuluma. Mapiritsi olera okhala ndi mahomoni otchedwa estrogen amakwezako mpata wa vutoli, ndiye mayi amene anadwalapo chibuluma, kapena wosuta fodya amene ali ndi zaka zakubadwa zopitirira 35, amafunika njira ina monga lupu kapena kachipangizo ka pamkono. Ngati zimenezi sizikukukhudzani, palibe chifukwa chosiyira kulera, poti mimba yeniyeniyo imakweza mpatawo kuposa mapiritsi.

Apongozi anu nkhani yawo ndi ina. Chimene chingawateteze ku sitiroko ndi kutsitsa BP: kumwa mankhwala tsiku lililonse ngakhale akumva bwino, kuchepetsa mchere, kuyezetsa shuga. Asayambe okha asipirini chifukwa choti anzawo akumwa, pakuti munthu wa BP yokwera yosalamulirika asipirini angathe kumutayitsa magazi m'mutu kapena m'mimba. Ngati mtima wawo umagunda modumphadumpha, akaunikidwe, chifukwa vuto limenelo limapanga zibuluma mumtima momwemo ndipo mankhwala ake ndi ena. Tsiku limene mudzaone pakamwa papotoka, mkono walefuka kapena mawu akutuluka mokoka lilime, musataye nthawi kuwiritsa chilichonse kapena kuwamwetsa kanthu, angatsamwe. Pezani galimoto.

Chotsala n'chimene ndimachiona kawirikawiri kuno kwathu. Mwendo ukatupa, achibale amathamangira kuuthowa ndi madzi otentha, kuusisita mwamphamvu ndi mafuta, kapena kupita nawo kokatema mphini. Mwendo wa chibuluma susisitidwa. Ndipo mphini pa munthu amene ali pa warfarin ndi bala losasiya kutuluka magazi, pamwamba pake n'kulowanso matenda. Bambo aziyenda monga mwa masiku onse, akakhala pansi aziika mwendo pampando, basi. Mwendo womwewo kapena winawo ukayambanso kutupa wokha, kutentha ndi kuwawa, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Akayamba kubanika kapena kumva kubaya pachifuwa, ngakhale pakati pa usiku, musadikire kuti kuche kapena kuganiza kuti ndi chibayo wamba. Pitani pachipatala chimene chili pafupi, iwo adzaona ngati n'kofunika kuwatumiza ku chipatala chachikulu cha Mangochi kapena ku Zomba Central. Ponyamuka tengani buku lawo, mapiritsi onse amene akumwa, ndi botolo lililonse la zitsamba limene lili m'nyumbamo, ngakhale limene bambo akuti angolawako kamodzi.